Kalata kwa mnzanga wa ku Joni: hosi yatsopano kapena yoyendapo kale?

Nchalo,
Chikwawa.

Achimwene,

Moni wochokera kuno kuchigwa. Ife tadzuka bwino, kungoti dzuwa la Okutobala lafika posauzana. Ikamakwana 9 koloko m'mawa chitseko cha galimoto sichigwirika ndi dzanja. Alamu anu akupereka moni. Kaya inu ndi a kunyumba muli bwanji ku Joniko?

Uthenga wanu ndinaulandira, ndipo zithunzi za mathiraki zija ndaziona zonse. Nkhani ngati iyi pa foni timangodulana pakamwa, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe kuti muwerenge modekha limodzi ndi alamu, pakuti ndalama mukufuna kuponyazi ndi thukuta la nonse awiri. Mwafunsa kuti pobwerera kumudzi mutani: mugule hosi (mutu wa thiraki umene umakoka thirela) yanyuwani, ndalama zanuzo zikhale dipoziti banki iwonjezere zotsala, kapena mugule yoyendapo kale n'kulipiratu zonse. Ndisakuzungulitseni. Ine ndikuti gulani yoyendapo kale, ndipo musathere ndalama zonse pa galimotoyo. Mukaona kuti penapake ndakhota, mundibweze.

Ogulitsa zatsopano ali ndi mfundo imodzi yamphamvu, ndipo sindingaitsutse. Munthu wa thiraki imodzi ikamufera panjira, banja lonse laima. Kampani ya mathiraki ambiri, imodzi ikakhala ku galaja zinazo zimakhala zikulowetsa ndalama, pomwe inu ikagona ku Tete sabata ziwiri kudikira sipeya, sabata ziwirizo kunyumba kulibe cholowa. Yatsopano siifaifa, n'zoona. Chimene sakuuzani n'chakuti kwathu kuno thiraki siima chifukwa cha kufa kokha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atadutsa, msewu wa M1 unaduka m'malo angapo kuno kuchigwa, damu la ku Kapichira linawonongeka, ndipo zatsopano ndi zakale zomwe zinangondanda m'mbali mwa msewu. Tisanapume n'komwe, mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Kumapeto kwa 2024 zipolowe zitabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho, madalaivala ambiri sanayerekeze kulowera ku Beira. Onjezanipo masiku ogona pamzere wa dizilo, masiku odikira mapepala pa boda ya Mwanza, ndi masiku amene katundu kulibiretu. Masiku onsewa injini imakhala ili zii, koma ngongole ikuyenda. Banki siifunsa ngati mlatho wakokoloka.

Ndipo ngongole ya kuno si ya kumeneko. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki kufika pa 26 peresenti, ndiye mabankiwo amaikanso kawo pamwamba, makamaka kwa munthu wongoyamba kumene amene alibe mbiri ya bizinesi. Tingoyerekeza kuti akupatsani pa 30 peresenti. Pa K100 miliyoni iliyonse imene mwakongola, K30 miliyoni pachaka ndi chiwongoladzanja chokhachokha, kutanthauza K2.5 miliyoni mwezi ndi mwezi musanakhudze n'komwe ngongole yeniyeniyo. Adzafunanso inshulansi yaikulu ija yoteteza galimoto yonse, osati yongolipira anthu amene mwawagunda. Nthawi zambiri galimoto yokhayo siikwana kukhala chikole, ndiye adzaloza nyumba imene mwamanga ndi ndalama za ku Joni ija. Wina akakunyengererani kuti mutenge ngongole ya madola poti chiwongoladzanja chake n'chochepa, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankalandira makwacha n'kumabweza madola anadzuka m'mawa wina ngongole itakula, chonsecho sanakongolenso kalikonse.

Si kuti yatsopano ndi yoipa ayi. Imamwa dizilo pang'ono, ili ndi waranti, ndipo eni katundu ena akuluakulu safuna thiraki yokalamba pageti pawo. Mukanakhala ndi kontirakiti yosainidwa ya zaka zingapo, ndi kampani yodziwika kuti imalipira pa nthawi yake, ndikanati gulani osacheuka. Koma mu uthenga wanu mwangoti "katundu sasowa", ndipo mawu amenewo sangalipire ngongole ya mwezi ndi umodzi womwe. Warantinso ili ndi malamulo ake: sevisi iliyonse ichitikire kwa iwo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pa mitengo yawo, makaniko wathu wa pansi pa nimu asaikhudze. Za ku China monga Howo, Shacman ndi FAW zadzaza m'misewu masiku ano chifukwa n'zofikirika poyerekeza ndi Scania kapena Volvo, sipeya zake sizisowa ku Limbe, ndipo amakaniko azizolowera. Zimagwira ntchito, sindizinyoza. Koma chenjerani ndi zimene mumaziona pa intaneti zikunyezimira pa mtengo wodabwitsa. Zambiri ndi zakale zimene azikonza n'kuzipenta, mipando n'kuiveka mapulasitiki, ndipo mbiri yake palibe angakuuzeni.

Kugula yoyendapo kale kuli ngati kusankha kaunjika: wogwira yekha, n'kutembenuza kolala ndi m'khwapa, amapeza chabwino, koma wotuma mnzake amalandira chong'ambika. Apa ndi pamene inu mwatiposa tonse kuno. Muli komweko, mukhoza kuiona ndi maso, kuiliza, kuiyendetsa, n'kuikana ngati siinakusangalatseni.

Anthu ambiri kuno amaitanitsa za ku UK, zodzera pa Walvis Bay kapena Dar es Salaam, poti chiwongolero chili kumanja ngati zathu ndipo pachithunzi zimaoneka zosamalika. M'kati mokhala dalaivala mumakhaladi mwaukhondo. Koma gwadani muyang'ane kunsi. Kumeneko nthawi yozizira amathira mchere m'misewu, ndiye chesisi ndi mapaipi zimadyeka ndi dzimbiri. Zambiri zimakhala za 6x2, zokoka ndi ekiselo imodzi yokha, inayo yongothandiza kusenza. Pa phula la kwawo zilibe vuto. Kuno mukangopatuka pa M1 kukatenga thonje kapena chitowe kumidzi, kamvula katawaza pa dothi lathu la makande lija, matayala amangozungulira pamodzimodzi mpaka mukapemphe thirakitala. Gulani ya 6x4, yokoka ndi maekiselo awiri, yokhala ndi difuloko (chokhoma matayala kuti azikoka onse pamodzi) yogwira ntchito. Komanso zopangidwa kuyambira cha m'ma 2014, zimene amati Euro 6, zimafuna madzi apadera oyeretsa utsi otchedwa AdBlue, zili ndi sefa yogwira mwaye ku ekizozi, ndi masensa osawerengeka. Kasensa kamodzi kakadwala, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini, thiraki n'kumakwawa, ndipo wodziwa kuilumikiza ku laputopu muyenera kumuitanitsa ku Blantyre, kumulipirira ulendo ndi chakudya chomwe. Injini zoterozo sizigwirizana ndi dizilo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, wosakanikirana ndi madzi kapena parafini. Mainjekitala ake amafa msanga, ndipo mtengo wake umatsata dola.

Za ku South Africa zinazolowera kutentha, fumbi ndi katundu wolemera. Pa zithunzi zanu maso anga agwera pa Freightliner Argosy ija ndi Scania yoyera ija. Argosy anasiya kupanga mu 2020, koma zilipo zambirimbiri m'misewu ya mayiko athu ano, ndipo injini zake za Cummins ndi Detroit amakaniko athu amazimasula n'kuzimanganso osatsegula buku. Sipeya ikasowa kuno, anzanu a kumeneko akhoza kuikweza basi, masiku awiri kapena atatu yafika ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Thiraki iliyonse imene mwaikonda muzidzifunsa kuti: ikafera pa Ngabu Loweruka madzulo, angaidzutse ndani, ndipo sipeya ichokera kuti?

Pa buleki ya injini pokha musanyengerere, kaya ndi Jake kaya retarder, iyenera kugwira. Mwakhalitsa kunja, mwina mwaiwala mtsetse wa ku Thabwa. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, kuno kuchigwa tili cha m'ma 100, ndipo gawo lalikulu la kutsikako limachitika m'makilomita ochepa okhotakhota. Ndikasenza matani 30 a simenti, ine ndimaima kaye pamwamba, kuzungulira galimoto, kugogoda matayala, kutchera khutu ngati mpweya ukutuluka penapake. Kenako giya yotsika, buleki ya injini ikubangula, phazi lingogunda apo ndi apo. Maminibasi amaliza mahutala kumbuyo, ine osawalabadira. Mukaima pa rodibuloko ya Thabwa mumadziwa amene watsika ndi phazi: fungo la mabuleki opserera limayamba kufika mwiniwake asanaoneke, madiramu akufuka utsi, dalaivala akutuluka thukuta losakhala la dzuwa. Ena safika n'komwe pa Thabwapo. Pokwera ndiye pamayesedwa redieta. Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo thiraki yodzaza shuga imakwera phirilo pang'onopang'ono, mphepo yolowa kutsogolo palibe, chikuziziritsa injini ndi fani yokha. Redieta yotsekeka ndi matope kapena fani yofooka, madzi adzawira musanafike pakati, ndipo mukaumirira mupsereza hedi gasiketi.

Tsono popita kukaiona musapite nokha, ndipo musadalire makaniko wa wogulitsayo. Lipirani wanu. Fikani m'mamawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ikatenthedwa. Ikalira yang'anani utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha mwina madzi akulowa mosayenera, wakuda ndi nkhani ya mainjekitala kapena mpweya wochepa. Tsegulani pothirira oyilo injini ikulira. Pakamafuka mwamphamvu ndiye kuti maringi atha, ovaholo, yomasula injini yonse, ikukudikirani. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire, anthu amabweza. Makaniko awerenge mu kompyuta ya injini makilomita ndi maola amene yagwira ntchito, muyerekeze ndi buku la sevisi. Lowani kunsi ndi tochi muone ngati chesisi inawotchereredwapo, makamaka pafupi ndi pokolekera thirela. Ndipo muiyese itakoka katundu, chifukwa hosi yopanda kanthu iliyonse imathamanga bwino. Makilomita ochuluka paokha asakuopseni. Thiraki ya kampani imene inkangoyenda pa N3 pakati pa Durban ndi Johannesburg, yosinthidwa oyilo pa nthawi yake, ndingaisankhe kusiyana ndi ya makilomita ochepa yochokera ku migodi.

Mapepala musawapupulumire. Nambala ya chesisi ndi ya injini zigwirizane ndi zolembedwa, mutsimikize kuti ilibe ngongole ku banki ya kumeneko, ndipo apolisi apereke chikalata cha SARPCCO chosonyeza kuti si yakuba. Popanda chimenecho mudzavutika nayo pa boda ndiponso polembetsa ku Road Traffic. Musanalipire, funsani a MRA kapena kiliyaringi ejenti wodalirika msonkho weniweni wa galimoto ya chaka chimenecho ndi kulemera kumeneko. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti, ndiye zimene angakuuzeni munthu amene analowetsa yake kalekale zikhoza kukusokeretsani.

Ndati musathere ndalama zonse, ndipo apa ndimvetseni bwino. Ine ndikanati gawo limodzi mwa magawo atatu likhale padera, zina mwa ndalamazo muzisunge m'marandi, popeza kuno ndalama zakunja n'zosowa ndipo sipeya zambiri mudzagula komweko. Hosi payokha siinyamula kanthu, thirela ndi ndalama inanso. Hosi ya 6x4 ndi thirela ya maekiselo atatu zimayenda pa matayala 22, osawerengera osungira, ndipo phula la kuno masana limadya matayala otchipa mosachedwa. Itasenza, thiraki imayenda pafupifupi makilomita 2 pa lita imodzi. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira kudzera ku Mwanza ndi Tete ndi makilomita oposa 800, ndiye kupita ndi kubwera tikunena za malita 800 kapena kuposerapo, olipira inuyo ulendo usanayambe. Pamwamba pake pali ndalama za pamsewu ku Mozambique, inshulansi ya kumeneko poti Yellow Card ya COMESA siigwira ntchito m'dziko limenelo, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), mapepala odutsira boda, ndi matoligeti a pa Chingeni ndi Kalinyeke mukalowera ku Lilongwe. Mwini katundu ndiye amalipira patatha mwezi, wina miwiri, wina mpaka mutatopa kumuimbira. Anthu ambiri amene ndawaona akugwa pa ntchito imeneyi sanagwe chifukwa thiraki inali yoipa. Inali yabwinobwino, itaima pakhomo, tanki youma, tayala limodzi litaphulika, yogulira lina palibe. Ndipo musadzayese kubweza ndalama podzaza mopitirira. Malire apamwamba kwambiri ndi matani 56 zonse pamodzi, ndipo amenewo ndi a zija zokoka mathirela awiri. Yanu idzachepera pamenepo. Pa sikelo amayezanso ekiselo iliyonse payokha, ndipo chindapusa chake chimadya phindu la ulendo wonse.

Tibwere ku katundu amene mukuti sasowayo. Fakitale ya Illovo pano pa Nchalo imagaya nzimbe kuyambira cha mu Epulo mpaka mvula ikayandikira, ndipo mukaona magalimoto akupezana pageti mumaganiza kuti ntchito ili mbwee. Koma yotuta nzimbe m'minda, kaya ya kampani kaya ya alimi a ku Kasinthula ndi Phata, imafuna ngolo zopangidwira ntchito imeneyo ndiponso kontirakiti, ndipo amene ali nazo alipo kale. Ife a thiraki imodzi nthawi zambiri timalowa pansi pa anzathu akuluakulu, iwo n'kudulapo kawo. Thonje la ku Ngabu ndi Bangula ndi la miyezi yochepa, ndipo silichulukanso ngati kale tili anyamata. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira imafuna matipa kuposa thirela ya fulati. Chotsikira kuno ndi simenti, feteleza, zakumwa, ndi chimanga cha chithandizo chaka cha njala. Ndiye hosi yanuyo, ngakhale banja mudzalikhazike ku Bangula, moyo wake udzakhala wa ku Limbe, Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, inu kumagona m'galimoto sabata zathunthu. Ngati mwabwerera kumudzi kuti muzidya nsima ya pakhomo, ganiziraninso za lole ya matani 10 kapena 15. Imalowa m'misika ya kumidzi, imawoloka kupita ku East Bank mpaka ku Fatima, imanyamula ng'ombe, mapira, nandolo, njerwa, ndipo matayala ake ndi 6 kapena 10 basi. Anthu saicheukira ngati hosi, koma siikhalitsa pakhomo.

Mwanena kuti mudzayendetsa nokha. Gwiritsitsani mawu amenewo, makamaka zaka zoyambirira. Mukangofika abale adzakubweretserani mphwanu wina amene "ali ndi laisensi". Dizilo amagulitsidwa m'njira, matayala atsopano amasinthanitsidwa ndi akutha, ndipo wachibale simungamutengere kupolisi anthu osakunenani. Konzekeraninso kukana zina. Paukwati, potuta njerwa za tchalitchi, posamuka, onse adzakumbukira kuti kwathu kuli thiraki. Pamaliro sitikana, mukudziwa, koma hosi si yotutira nkhuni za pa siwa. Ine ndimapereka ndalama ya dizilo wa lole yaing'ono, yanga n'kukhala pa ntchito.

Chitani chonchi. Sabata ino pitani mukaone Argosy ija ndi Scania ija. Mujambule vidiyo akuiliza m'mawa, ina ya kunsi kwa chesisi, ndi chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya injini, munditumizire pa WhatsApp. Ndikaonetsa makaniko wanga wa pano pa Nchalo, ndipo tikuuzani ngati sipeya zake zimapezeka kuno. Musapereke dipoziti kwa wina aliyense tisanalankhulane. Mukamabwera pa Khirisimasi mudzanditengereko mafyuluta a dizilo ndi lamba wa fani. Manambala ake ndikutumizirani, ndalama ndidzakubwezerani mukafika.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi anu ndinaonana nawo Lamlungu ku tchalitchi, ali bwino, akungodandaula mwendo uja.

Ndine mnzanu,
wa pa Nchalo.